Mwini Munda ndi Mwini Mbewa

Mau akuti "malo anga" ndi mau acilendo m'kamwa mwa Mcewa kapena Mtumbuka wa ku Lundazi. Makolo athu anali kunena kuti munda wanga, dimba langa, nkhokwe yanga. Koma dziko lenilenilo, ndiko kuti dothi ndi chire, dambo ndi mtsinje, anali kuliyesa la mfumu pamodzi ndi anthu ake onse, amoyo ndi akufa omwe. Masiku ano zinthu zatembenuka. Mnyamata akamaliza sukulu nalembedwa nchito, cinthu coyamba cimene mtima wake ulakalaka ndico cikalata ca malo, cokhala ndi cidindo ca Boma ndi cithunzi ca malire. Ambiri a inu amene muwerenga bukuli mudzacifuna cikalata cimeneci, ndipo ena mudzacipeza. Tsono ndifuna kukamba nanu za funso limodzi limene cikalataco siciyankha, koma limene lidzakupezani pakhomo caka cisanathe: munthu akadza ndi mbedza, kapena ndi khasu lokumbira mbewa, kapena ndi agalu ndi mfuti, napempha kulowa m'malo mwanu, mudzamuyankha ciani?

Poyamba tiyenera kukumbukira umo mwambo unali kugawira dziko, pakuti anthu amene adzakupemphaniwo afika ndi mwambo umenewu m'mitu mwao. Munda unali wa wolima pa nthawi yonse imene mbeu zili ciimire, ndipo wothyola mondokwa m'munda wa mnzake anali mbala, mlandu wake unali kupita ku bwalo. Koma mwini akatuta cimanga nacilonga m'nkhokwe, munda uja unali kutseguka wokha. Ana ndi nkhalamba anali kulowamo kukakunkha mtedza ndi ngala zotsalira. Ng'ombe za mudzi wonse zinali kudya mapesi. Anyamata anali kudza ndi makasu ao kudzakumba mbewa, osapempha kwa munthu ali yense. Mvula ikayamba, munda unali kubwereranso kwa mwini wake. Cotero dothi limodzi lomwelo linali ndi eni ambiri, yense pa nyengo yake: mwini cimanga m'dzinja, mwini ng'ombe ndi mwini mbewa m'cilimwe. Ife amene tinaphunzira ku misyoni sitinadabwe konse powerenga m'Levitiko 19 za kusiyira aumphawi ndi alendo khunkha, kapena nkhani ya Rute m'munda wa Boazi. Tinangoona ngati Aisrayeli anali anthu a konkuno.

Madzi ndi nyama zinali ndi malamulo aonso. Dzuwa la Okotobala likaumitsa timitsinje, madzi natsala m'maiwe mokha, akazi anali kupangana tsiku nalowa onse pamodzi ndi madengu kukavuula matemba ndi milamba. Uzimba sunali kucitika popanda mau a mfumu. Wolasa woyamba ndiye anali mwini nyama, ndipo mfumu inali kulandira gawo lake. Njobvu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Munthu asaganize kuti ufulu umenewu unali cipwirikiti, iai. Dziwe linali la onse, koma mono wochera m'dziwemo unali wa mmodzi, ndipo woonjola mono kapena msampha wa mnzake anali wonyozeka m'mudzi monse. Makolo anasiyanitsa bwino lomwe zinthu ziwiri: cimene munthu wakhetsera thukuta, ndi cimene Mulungu anangociika m'chire kapena m'madzi. Gwirani kusiyana kumeneku, pakuti bvuto langa lonse linagona pomwepa.

Lamulo la pepala linadza ndi Azungu. Ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu, ndipo mu 1928 Angoni ndi Acewa a kumeneko anadulidwira malo opatulika ocepa, nathithikana m'menemo kufikira dothi linaguga. Kuno ku Lundazi mafamu a Azungu sanaculuke monga kumeneko, ndipo dziko lambiri likali m'manja mwa mafumu, onga Mwase, Mphamba ndi Kapichila. Mu 1975 boma la Kenneth Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa malo, niliusandutsa kubwereka kwa zaka 100. Lamulo limene titsata tsopano ndi la 1995. Ilo linena kuti dziko lonse la Zambia lili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndi kuti munthu angathe kutembenuza malo a mwambo kuti akhale obwereka kwa zaka 99, mfumu ikalola, khonsolo ikavomereza, ndi mkulu woyang'anira malo ku Lusaka akatulutsa cikalata. Nchito yanga ya ukalaliki yandionetsa anthu ambiri atanyamula zikalata zotere m'zikwama za pulasitiki, ali kuyenda monyang'wa ngati agula dziko ndi thambo lomwe. Owerengeka okha ndiwo azindikira kuti ali obwereka cabe, ndi kuti caka ndi caka Boma liyembekeza msonkho wa malowo.

Malo amene ndinena ine ndi maekala pafupifupi 20, ulendo wa ola limodzi pa njinga kucokera pa boma. Unali munda wa atate anga, ndipo kumunsi kwake kuli dambo lokhala ndi kamtsinje koyenda m'dzinja mokha. Atate atamwalira, abale anagwirizana kuti ine ndilembetse malowo, kuopa kuti angagwe m'manja mwa alendo monga zacitikira kwina. Pambuyo pake ndinachinga kamtsinje kaja ndi khoma la dothi. Nzeru imeneyi si yacilendo kwathu. Ali yense wobadwira ku Lundazi akula alikuona damu lija lili pafupi ndi nyumba yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene Errol Button, DC wa kuno, anaimanga zaka zoyandikira 1950. Ndipo adziwa kuti madzi osungidwa ndi cuma m'dziko limene mvula ileka mu Epulo, osabweranso kufikira Novembala. Khomalo linadya malipiro anga a miyezi yambiri, ndi ngongole pamwamba pake. Madzi atadzala ndinagula ana a makumba, ndi kuyamba kuwadyetsa gaga m'mawa ndi madzulo.

Pofunafuna cilolezo ca damulo ndinaphunziranso kanthu kena: lamulo la madzi la 2011 linena kuti madzi onse a m'cilengedwe ali m'manja mwa Pulezidenti. Lamulo la nyama za m'chire la 2015 linena cimodzimodzi za nyama. Dothi, madzi, nyama, zonse zili ndi mwini mmodzi wosungira anthu onse. Ndinaseka ndekha poona kuti akatswiri a malamulo a ku Lusaka, ndi Cizungu cao conse, anafika pomwe agogo anga anali ataima kale. Anangocotsa dzina la mfumu naikapo la Pulezidenti. Nanga canga ceniceni cinali ciani? Khoma lija, mbeu za m'munda, mitengo imene ndinabzala, ndi nsomba zimene ndinagula.

Opempha sanacedwe kufika. Wosabvuta kumuyankha anali bambo wina wa m'tauni, wa galimoto yabwino, amene anamva kuti nkhanga ndi agwape zimamwa pa damu madzulo. Anafika ndi ulemu wonse, nanena kuti adzandipatsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti iye ndi anzake aziombera ndi kuwedza pa masiku Oweruka, malinga ine ndikaletsa anthu a m'mudzi kuyandikako. Ndalamazo zikadatha kubweza ngongole yanga msanga, ndipo mtima unagunda ndithu. Ndinati, "Zikomo bambo, mwandilemekeza pobwera kuno nokha. Koma cimene mufuna kugulaco ine ndilibe. Gwape si wanga, nkhanga si yanga. Cilolezo cozipha cicokera kwa a Boma oyang'anira nyama." Mwini malo angathe kutsegula cipata kapena kucitseka, koma mau ake sasandutsa nyama ya m'chire kukhala yake kapena ya mlendo wake. Bambo uja anati laisensi ali nayo. Pamenepo ndinamuuza cifukwa caciwiri, kuti pa damu pamene ana amwetsa mbuzi ndi akazi atunga madzi othirira ndiwo, mfuti siyenera kulirapo. Caciwirici ncimene cinamkwiyitsa. Cacitatu sindinamuuze: cimene iye anali kugula kwenikweni sicinali nyama, koma kuti ine ndikhale mlonda wake wopitikitsa abale anga.

Njira imeneyo inayesedwa kale kwina. Ku England eni malo olemera anasungira okha nyama za m'nkhalango, ndipo mu 1723 anaika lamulo lakuti munthu wopezeka alikusaka agwape a kumeneko atanyamula zida ndi kudzibisa nkhope anyongedwe. Lamulolo linakhala zaka 100, koma osauka sanaleke kusaka usiku. Ku cigwa ca Luangwa kunaoneka nzeru ina. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi mfumu Nsefu kuti apatule dera losungira nyama, alendo azilipira pozionera, ndalama nizipita ku thumba la Akunda eni dziko. Ndipo kuyambira ca m'ma 2003 bungwe la COMACO, limene linazika mizu konkuno ku Lundazi, lalandira mfuti ndi mawaya ocherera nyama kwa alenje, niliwaphunzitsa ulimi ndi kuwagula mtedza, mpunga ndi uci. Ine ndiona kuti nyama zisungika kumene anansi apezapo phindu. Za malire a pa pepala nyama sizidziwako: pamene njobvu 263 zinasamutsidwa mu 2022 kucoka ku Liwonde kupita ku Kasungu m'Malawi, zina zinayamba kuoloka kulowa m'minda ya ku Zambia, osafunsa cikalata ca munthu. Za nyama zikuluzikulu ndilekere pomwepo, pakuti kwathu kumtunda zinatha kale, ndipo zotsala zili ku Lukusuzi ndi ku Luambe.

Nkhani ya mbewa ndiyo inandigwira mtima, cifukwa ine ndemwe ndinakula ndilikuzikumba. Ndidziwa kuti anyamata ena akafika Giredi 12 ayamba kucita manyazi ndi ndiwo imeneyi pamaso pa anzao a ku Kitwe ndi ku Lusaka; ine manyazi amenewo ndilibe, ndipo ndikaona mbewa zapanidwa pa mpani m'mbali mwa mseu wa ku Chipata ndiimitsa njinga. Atumbuka ati mbeba, ife titi mbewa, kukoma kwake nkumodzi. Kukumba mbewa ndi luso. Mnyamata ayenera kudziwa una wokhalamo ndi una wakale, poona dothi latsopano ndi tinjira ta m'udzu. Ayenera kupeza mbuli, pothawira pa mbewa, naikapo mng'ono wake kuti adikire ndi cikoti. Pokumba atsata una ndi kamtengo, natseka njira za m'mbali, nacenjera ndi njoka imene nthawi zina ilanda nyumba ya mbewa. Madzulo aziphika ndi mcere ndi kuziyanika pa moto. M'nyumba imene mulibe mbuzi yopha ngakhale nkhuku, kapuku wokumbidwa ndi mwana ndiye nyama ya mwezi wonse. Mwini munda nayenso apindula, pakuti mbewa imene yalowa mu mphika mu Julayi sidzafukula mbeu zake mu Disembala.

Coipa ca anyamata a mbewa ndi macesi. Kuti aone mauna msanga atentha udzu, ndipo mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ili kukuntha, moto umene wayatsidwa kaamba ka mbewa zisanu ungathe kuyenda mtunda wautali. Alangizi a zaulimi atiphunzitsa kusiya mapesi m'munda kuti aphimbe nthaka ndi kuolerana. Moto umodzi ucotsa zonsezo nusiya dothi lambee. Upha timitengo ta nsangu timene tabzala kuti tibwezere conde, upsereza ming'oma ya njuci, umaliza udzu umene akazi anayembekeza kumweta wofolerera nyumba. Caka cina ndinataya ming'oma itatu tsiku limodzi, ndipo wolakwa sanadziwike, pakuti m'mudzi mwana woyatsa moto alibe dzina. Palinso maenje osakwiriridwa, amene athyola mwendo wa ng'ombe pa nthawi yolima. Ndipo coopsa koposa, mbewa zikonda kuboola m'khoma la damu mmene dothi lili lofewa. Mnyamata akalondola una m'menemo ndi khasu, madzi a mu Febuluwale adzapeza njira, ndipo khoma lonse lingapite usiku umodzi.

Koma kodi ndikadaletsa kukumba mbewa konse? Anyamata aja sanali kupempha nkomwe, popeza m'maganizo mwao munda wokololedwa ulibe mwini. Akadamva kuti mwana wa uje, amene anakumba nao atate ao pa culu comweco, tsopano aika lamulo pa mbewa, akadandicha Mzungu wakuda, ndipo akadabwera ndithu pamene ine ndili ku ofesi, nayatsa moto wao mofulumira ndi mwamantha, ndiwo moto woipa koposa.

Nsomba ndizo zinagawa nyumba yanga. Mkazi wanga, amene ndiye anali kunyamula gaga tsiku ndi tsiku pamene ine ndili ku nchito, anati, "Abambo, inu mwaiwala kuti nsombazi tinagula ndi ndalama ya ngongole? Nkhuku zathu tikaziweta, kodi ali yense angabwere ndi legeni kudzaponya, cifukwa kale pano panali nkhwali? Ndiponso pafupi ndi khoma mpakuya, munthu wamtali amira. Mwana wa eni akafera m'menemo, adzaloza yani?" Pa mau onsewa palibe limodzi limene ndikadalitsutsa. Makumba aja anali ziweto, monga mono wa munthu m'dziwe la onse.

Atate aang'ono, mng'ono wao wa malemu atate anga, anaona mbali ina. Anandiitana kwao nati, "Mwana wanga, khala pansi. Pamene paima madzi akopo panali dziwe, ndipo amai ako ndi akazi onse a mudzi uno anali kuvuulamo matemba caka ndi caka. Dziwe lija sunaligule kwa iwo, unangolimiza. Pamene tinapita kwa mfumu kukakuvomereza, tinavomereza kuti usunge munda wa atate ako. Za matemba palibe anatifunsa." Apanso ndinasowa potsutsa. Lamulo la 1995 lomwe linena kuti malo a mwambo asaperekedwe osafunsa anthu amene angakhudzidwe. Koma pa mapepala onse amene ndaona pa nchito yanga, sindinaonepo dzina la mkazi wovuula matemba kapena la mnyamata wa mbewa. Alembedwa ndi okhala ndi munda kapena nyumba pa malopo. Eni nyengo ya cilimwe aja alibe mzere pa fomu.

Cotero m'damu limodzi munali nsomba za mitundu iwiri. Milamba ndi matemba zinabwera zokha ndi madzi a dzinja, ndipo mwa mwambo zinali za onse. Makumba ndinagula, ndipo mwa mwambo womwewo anali anga. Koma mbedza siwerenga lisiti, ndipo nyongolotsi ikalowa m'madzi imezedwa ndi iri yonse yakumva njala.

Anzanga a ku ofesi anandilangiza za waya waminga, galu wolusa ndi mlonda. Ndinawerengera mtengo wake, ndipo unaposa mtengo wa nsombazo. Ndinawerengeranso zina zimene sizilembedwa m'buku la ndalama. Mlondayo ndikadamtenga m'mudzi womwewo, ndipo woba usiku akadakhala msuwani wake kapena mlamu wake. Ine ndigona pa boma masiku asanu pa mlungu. Munthu wosungidwa mkwiyo afuna kamtengo kamodzi ka macesi kuti abwezere. Ndipo tsiku lina maliro adzagwa pakhomo panga, monga agwa pakhomo pa munthu ali yense. Okumba manda ndi onyamula citanda adzakhala anthu omwewo amene ndinawalumitsa kwa galu. Achinyamata ophunzira aiwala kawirikawiri kuti cikalata sicikumba manda.

Komabe sindifuna kukunamizani kuti anthu a m'mudzi ali oyera mtima onse. Wowedza ndi mbedza apha nsomba zinai kapena zisanu napita kwao, ndipo damu silimva kanthu. Koma alipo amuna amene asoka pamodzi maneti a udzudzu, omwe aja anagawidwa kuti ateteze ana ku malungo, nakokolola usiku zonse, zazikulu ndi tiana tomwe. Alipo ena osinja katupe kapena ombwe nathira m'madzi, kotero kuti m'mawa nsomba zonse ziyandama, ndi acule omwe. Lamulo la nsomba la 2011 liletsa mankhwala otere ndi mabomba, koma lamulo liri kutali pa ora la pakati pa usiku. Usiku umodzi wotere umaliza nchito ya caka. Ngakhale Boma litseka usodzi pa nyanja ndi mitsinje ikuluikulu kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Kunena kuti "lowani nonse, citani cimene mufuna" kukadakhala kupatsa damu kwa amuna atatu a maneti, ndi kumana mudzi wonse pamodzi ndi ine.

Amene anandifulumiza kudula nkhani anali agogo ena amasiye, olera adzukulu anai. Iwo okha mwa onse ndiwo anadza kudzapempha masana, nakhala pansi patali, naomba m'manja. Anati, "Mwana wanga, sindifuna za malonda. Ndifuna kuti kamnyamata kanga kaziponyako mbedza, tipeze cotowera nsima." Ndinati, "Agogo, ndamva. Koma yankho lanu ndikalipereka kwa amfumu, anthu onse alikumva." Ndinatero cifukwa cilolezo coperekedwa kuseri cibala nsanje, mawa wina adzati, bwanji uje analoledwa? Ndiponso ndinafuna kuti lamulo la pa damu likhale la mudzi, kuti wolithyola alakwire anzake, osati kalaliki wa pa boma yekha.

Pa bwalo la mfumu ya mudzi tinakambirana kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Tinamvana kuti nyumba iri yonse ya m'mudzimo ingawedze ndi mbedza pa Citatu ndi pa Ciweru, za ndiwo zokha, zosapita nazo ku msika. Ndi kuti kansomba kosafika utali wa cikhatho kabwezedwe m'madzi. Ukonde, neti ndi mankhwala, iai. Mwana asapite ku damu popanda wamkulu, ndipo pa khoma pasakhale wowedza kapena wokumba. Miyezi itatu ija imene Boma litseka nyanja, ifenso titseke. Za mbewa tinakangana nthawi yaitali, pakuti akulu ena anati kusaka mbewa kopanda moto nkosatheka. Mkulu wina anakumbutsa anthu kuti kale chire linali kutenthedwa pa tsiku lonenedwa ndi mfumu, osati pa tsiku lofuna mwana ali yense. Pomaliza tinati anyamata akumbe momasuka cimanga cikacoka, akwirire maenje ao, macesi asiye kunyumba. Ndipo mu Juni, udzu usanaumitse, tidzalambula ndi kutentha tonse pamodzi mzere wochinga moto kuzungulira dambo. Mawaya ocherera nyama tinaletsa popanda wotsutsa, popeza mbuzi ya amfumu yomwe inali itakodwapo.

Si onse anakondwa. Amuna ena anati ndine waumbombo, powerengera anthu masiku ngati kapitao wa pa famu. Anzanga a ku ofesi anati ndine wopusa, podyetsa mudzi ndi ngongole yanga. Nsomba zimene ndigulitsa pa caka zicepa kuposa zimene alangizi anandiwerengera poyamba, ndipo mkazi wanga andikumbutsa zimenezi nthawi iri yonse tikamalipira za sukulu za ana. Moto unalowanso kamodzi, wocokera ku mudzi wina, koma unaima pa mzere uja. Neti inalowa m'damu kamodzi kokha. Amene anaona ndi akazi a madimba opita kukathirira mbandakuca, ndipo sanadikire ine. Anakanena okha kwa amfumu, cifukwa tsopano nsomba zobedwazo zinali za ana aonso. Wogwidwayo anali mlamu wanga. Bwalo linamlamula kugwira nchito yokwirira khoma masiku asanu, ndipo kufikira lero moni wake kwa ine ngwa pakamwa pokha.

Pangano lathu linayesedwa kolimba mu 2024, caka cimene mvula inadula pakati pa dzinja ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala cagwetsa tsoka m'dziko. Damu silinadzale, ndipo pofika Okotobala madzi anatsala m'kati mokha, nsomba zili kupuma pamwamba. Anthu a midzi ina anabwera ndi ng'ombe zao kudzamwetsa, anthu amene sanali pa bwalo lija ndipo sanalonjeze kanthu. Madzi akumwa sitinakanize munthu kapena ciweto. Koma poona kuti nsomba zidzafera m'matope, ndinapempha amfumu kuti anene tsiku. Ine ndinayamba kukoka ukonde kawiri kutenga makumba akuluakulu ogulitsa. Pambuyo pake akazi a mudzi wonse analowa ndi madengu, alikufuula ndi kuseka, matope mpaka m'ciuno, monga anali kucitira amai anga m'dziwe lakale. Atate aang'ono anakhala pa culu alikuyang'ana, osanena kanthu. Mvula itabwerera ndinagulanso ana a nsomba, ndi ndalama yangayanga.

Patsala cinthu cimodzi cimene sicinathe. Cikalata canga cidzakhala zaka 99, ndipo cingathe kupita kwa ana anga, kapena kwa wogula, kapena kwa banki ngati ngongole itandigonjetsa. Pangano la pa bwalo liri m'makutu mwa anthu mokha, ndipo wodzatenga malowa pambuyo panga sadzamangidwa nalo. Amfumu, amene aona patali, andipempha kawiri kuti ndililembe pa pepala, ine ndisaine, iwonso adinde. Ndikalemba, cimene lero ciri kukoma mtima kwanga cidzasanduka mangawa pa ana anga, ndipo mtengo wa malowo udzatsika pamaso pa wogula ali yense. Ndikapanda kulemba, adzukulu a agogo aja adzawedza kufikira tsiku la maliro anga. Pepalalo ndinalilemba kale, masamba awiri, m'Cinyanja ndi m'Citumbuka. Mkazi wanga wati ndisasaine kufikira mwana wathu woyamba atakula ndi kuliwerenga yekha, ndipo mwanayo ali mu Giredi 5.